Mwakompaila Linux nokha koma liwiro silikuoneka: zizindikiro, zoyambitsa ndi kukonza kwake

Dandaulo ili silitha pakati pa anthu amene asamukira ku Gentoo (Linux imene mapulogalamu ake mumawakompaila nokha, kutanthauza kusandutsa kodi yolembedwa ndi anthu kukhala pulogalamu yoyenda pa makina), ngakhalenso amene amakompaila kernel, Python kapena FFmpeg paokha pa Debian ndi Arch. Purosesa yatukutira usiku wonse, koma kutacha kompyuta ikuyenda monga dzulo, mwina moipirapo. Musanasinthe kanthu dziwani ichi: pa ntchito wamba, kusiyana kwa liwiro pakati pa pulogalamu yokompaila nokha ndi ya paketi yokonzeratu kumakhala kochepa kwambiri. Thalauza losoketsa kwa telala limakukwanani bwino, koma silikuthamangitsani kuposa logula m'sitolo. Choncho mukaona kusiyana kwakukulu, kaya kokomera mbali iyi kaya inayo, pafupifupi nthawi zonse pali china chalakwika pa kayezedwe kapena pa makonzedwe, ndipo chinacho chimapezeka.

Pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zasanjidwa kuyambira chofala kwambiri.

## Chizindikiro 1: Palibe kusiyana kulikonse

Ntchito yanu siidalira purosesa. Kutsegula mapulogalamu, kukopera mafayilo ndi kusakatula pa intaneti, zonsezi zimadikira diski, netiweki kapena RAM. Ma flag a kompaila (malangizo amene mumaipatsa pokompaila) safika kumeneko.
- Yendetsani `vmstat 1` pamene mukugwira ntchitoyo. Manambala a `wa` akakhala okwera, purosesa ikudikira diski. A `si` ndi `so` akamayenda, RAM yachepa ndipo makina akudalira swap, malo a pa diski olowa m'malo mwa RAM.
- Mankhwala ake ndi SSD kapena RAM yowonjezera. Kukompailanso n'kutaya magetsi.

Mbali yolemera ya pulogalamuyo imadzisankhira yokha malangizo. Ichi ambiri sachidziwa. Mapaketi a Debian amd64 amakonzedwa kuti ayende pa purosesa iliyonse ya 64-bit, komabe glibc, laibulale yaikulu ya C pa Linux, ikangoyamba imaona purosesa imene muli nayo n'kusankha `memcpy` ndi `strlen` zogwiritsa malangizo a purosesa otchedwa AVX2 ngati alipo. OpenSSL, FFmpeg ndi x264 zili ndi zigawo zolembedwa pamanja mu assembly zimene zimasankhidwa chimodzimodzi. Apa `-march=native`, flag youza kompaila kuti ikonzere purosesa yanu yeniyeniyo, ipeza ntchito itagwiridwa kale.
- Yendetsani `perf top`. Mukaona mayina okhala ndi `avx2` pamwamba pa mndandanda pomwe pulogalamuyo ndi ya paketi wamba, phindu lotsala ndi lochepa.

Imene ikuyenda si imene mwakompailayo. `make install` imaika zinthu mu `/usr/local`, pomwe yakale ikadali mu `/usr/bin`.
- Mwachitsanzo, pa pulogalamu ya xz, `type -a xz` ikuonetsani zonse ziwiri ndi imene ili patsogolo. `hash -r` imaiwalitsa bash njira yakale.
- Onaninso `ldd /usr/local/bin/xz`. Pulogalamu yatsopano ikhoza kumakoka liblzma yakale ya dongosolo, ndipo ntchito yeniyeni ili mu laibulaleyo.

Munasintha `make.conf`, fayilo ya makonzedwe a Gentoo, koma simunakompailenso. Portage, chida choikira mapaketi pa Gentoo, imazindikira kusintha kwa USE (mndandanda wa mbali za pulogalamu zimene mwayatsa kapena kuzimitsa) mukalamula `emerge -uDN @world`, koma kusintha kwa CFLAGS (ma flag a kompaila ya C) siikuona. Ma flag amene paketi inakompailidwa nawo amasungidwa mu fayilo `CFLAGS` m'chikwatu cha paketiyo pansi pa `/var/db/pkg/`. Werengani mmenemo. Kukompailanso zonse ndi `emerge -e @world`, koma yambani ndi paketi imodzi imene mukuyezayo.

Purosesa ilibe choonjezera. Kuyambira mu 2020 mapurosesa a x86-64 anagawidwa m'magulu: v2 ili ndi SSE4.2, v3 ili ndi AVX2 ndi FMA, v4 ili ndi AVX-512. Phindu looneka limayambira pa v3, kutanthauza Intel Haswell ya 2013 ndi zotsatira zake. Koma ma Celeron ndi Pentium ambiri, ngakhale otuluka pambuyo pa chaka chimenecho, alibe AVX2, ndipo ndi amene adzaza m'malaputopu otsika mtengo. Lamulo `/lib64/ld-linux-x86-64.so.2 --help` limaonetsa magulu amene purosesa yanu ikwanitsa, bola glibc ikhale 2.33 kapena yatsopano.

Nanga phindu limaoneka kuti? Pa mapulogalamu owerengetsa manambala ambirimbiri m'malupu, olembedwa mu C, C++ kapena Fortran wamba opanda assembly yawoyawo: kafukufuku wa sayansi, kukonza zithunzi ndi mawu, zina zopanikiza mafayilo. Ngati ntchito yanu ndi imeneyo, kompailani pulogalamu imodziyo ndi malaibulale ake. Dongosolo lonse lisiyeni.

## Chizindikiro 2: Yokompaila nokha ikuchedwa kuposa ya paketi

Apa ndiye pali zolakwika zenizeni, ndipo zambiri n'zosavuta kukonza.

Palibe optimization ngakhale pang'ono. Ichi ndi choyamba kuchiganizira pulogalamu ikamachedwa kawiri kapena kuposa. GCC ikapanda kuuzidwa kanthu imagwiritsa `-O0`. Njira zogwera m'dzenje limeneli ndi zinayi:
- `./configure` ya Autoconf imaika `-g -O2` yokha, koma mukalemba `CFLAGS="-march=native"` mwafufuta zimenezo. Lembani zonse: `CFLAGS="-O2 -march=native"`.
- CMake yopanda `-DCMAKE_BUILD_TYPE=Release` siika `-O` iliyonse, pokhapokha eni pulogalamuyo atakonzeratu.
- Meson imayamba ndi `debug`. Onjezerani `--buildtype=release`.
- `cargo build` yopanda `--release` imatulutsa pulogalamu ya Rust yongoyesera.

Kuti mutsimikize, yendetsani `make V=1`, `make VERBOSE=1` kapena `ninja -v` n'kuona ngati `-O2` kapena `-O3` ikuoneka pa mizere ya gcc. Ndipo musaiwale CXXFLAGS: anthu ambiri amakonza za C zokha pomwe pulogalamuyo ndi ya C++.

Ya paketi ili ndi PGO ndi LTO, yanu ilibe. PGO imatanthauza kukompaila kawiri. Koyamba pulogalamu imaikidwa zowerengera, imayendetsedwa pa ntchito zoyesera, kenako imakompailidwanso kompaila ikudziwa njira zimene zimadutsidwa kawirikawiri. Firefox yochokera ku Mozilla imakonzedwa chotero, ndipo Python ya m'madongosolo akuluakulu nayonso. Pa mapulogalamu ngati amenewa PGO imathandiza kuposa `-march=native`, ndiye mukaisiya mwabwerera m'mbuyo ngakhale ma flag ena onse ali bwino. LTO ndi optimization yochitika polumikiza zigawo zonse za pulogalamu pamodzi, ndipo Fedora imakompaila mapaketi ake ndi LTO kuyambira pa Fedora 33.
- Python: `./configure --enable-optimizations --with-lto`.
- Gentoo: `equery uses firefox` kapena `equery uses python` ikuonetsani ngati `pgo` yayatsidwa. Konzekerani kudikira nthawi yoposa kawiri.
- Ngati RAM ndi yochepa, ingotengani `firefox-bin`. Si manyazi.

Zithunzi zikujambulidwa ndi purosesa. Mawindo akukwawa, kanema akudukaduka, fani ikulira mukangotsegula YouTube. Anthu amathamangira kunena kuti Gentoo ndi yochedwa, chonsecho vuto ndi dalaivala wa zithunzi.
- `glxinfo | grep "OpenGL renderer"`. Likatuluka dzina `llvmpipe`, khadi ya zithunzi sikugwira ntchito.
- Onani `VIDEO_CARDS`, ikani `linux-firmware`, kenako kompailaninso Mesa.
- Pa makanema yendetsani `vainfo` ndi kuona ngati USE ya `vaapi` ilipo.

Kernel yokonza pamanja. Zolakwika ziwiri ndi zimene zimabwera kawirikawiri: kuyatsa zida zofufuzira zolakwika, ndi kusiya dalaivala wa liwiro la purosesa. `CONFIG_KASAN` ndi `CONFIG_PROVE_LOCKING` ndi za anthu olemba kernel, ndipo zimachedwetsa makina onse.
- `grep -E "KASAN|PROVE_LOCKING|DEBUG" .config` m'chikwatu cha kernel.
- `cpupower frequency-info` ionetse `intel_pstate`, `amd-pstate` kapena `acpi-cpufreq`. Ikapanda kutchula dalaivala, purosesa ikhoza kukhala itamangika pa liwiro limodzi.
- Njira yachidule yodziwira ngati kernel ndiyo ili ndi mlandu: ikani `gentoo-kernel-bin`, yambitsani makina ndi imeneyo, yezaninso.

`CPU_FLAGS_X86` sinakonzedwe. Pa Gentoo, mapaketi ena amayatsa assembly yawo poona mndandanda umenewu, osati CFLAGS. Yendetsani `cpuid2cpuflags` n'kuika zotulukazo mu `package.use`, kenako `emerge -uDN @world`.

Ma flag opitirira muyeso. `-O3` ndi `-funroll-loops` zimakulitsa pulogalamu, ndipo ikakula moti siikwananso mu cache ya purosesa, imachedwa. Kale anthu ankathamangira `-O3` chifukwa cha vectorization (kuwerengetsa manambala angapo ndi lamulo limodzi la purosesa), koma kuyambira pa GCC 12 mbali ina ya ntchitoyo imachitika ndi `-O2` yomwe. Pa dongosolo lonse khalani pa `-O2 -pipe -march=native`. `-O3` iyeseni pa paketi imodzi, ndipo isungeni pokhapokha manambala atavomereza.

## Chizindikiro 3: Zotsatira zikusinthasintha, lero uku mawa uko

Kuyeza kamodzi ndi wotchi ya pafoni si kuyeza. Zosokoneza zake ndi izi.

1. Cache ya diski. Ulendo wachiwiri mafayilo amakhala ali kale mu RAM, ndiye yoyezedwa pomaliza imaoneka yachangu. Gwiritsani `hyperfine --warmup 3 --runs 20 'lamulo loyamba' 'lamulo lachiwiri'`. Ngati mukufuna kuyeza poyambira penipeni, chitani `sync; echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches` monga root musanayambe ulendo uliwonse.
2. Magetsi ndi kutentha. Laputopu ya pa batire imadzichepetsa liwiro. Ilumikizeni ku magetsi, ikani `cpupower frequency-set -g performance`, ndipo yang'anirani `sensors`. Purosesa ikayandikira 95 mpaka 100°C imadzibweza yokha. Makina amene angomaliza kukompaila ndi otentha kale, apumitseni kaye.
3. Mitundu yosiyana. Debian stable imasunga pulogalamu yakale pomwe Gentoo kapena Arch ili ndi yatsopano. Pamenepo mukuyerekeza ntchito ya olemba pulogalamu, osati kakompailidwe. Onani `--version` mbali zonse, ndi ya kompaila yomwe.
4. Pansi pake posiyana. ext4 uku, Btrfs yopanikiza uko. LUKS, yobisa zolembedwa pa diski ndi kiyi, mbali imodzi yokha. Dongosolo lina lili pa SSD, lina pa hard disk. Yerekezaninso `cat /proc/cmdline`, chifukwa `mitigations=off` imathamangitsa ntchito zina pochotsa chitetezo cha Spectre ndi Meltdown. Phindu limenelo si la kukompaila, ndipo si loti mulifune pa makina olowa pa intaneti.
5. Zina zoyenda kumbali. Tsekani browser ndi zosanthula mafayilo monga Baloo ya KDE.

`hyperfine` imapereka avareji ndi nambala ina pambuyo pa chizindikiro ±. Kusiyana kwa mapulogalamu awiriwo kukakhala kochepa kuposa nambala imeneyo, palibe chimene mwapeza. Njira yachilungamo ndi kuyeza zonse ziwiri pa dongosolo limodzi, kernel imodzi, fayilo imodzi: ya paketi mu `/usr/bin`, yanu mu `--prefix=$HOME/yesero`.

## Chizindikiro 4: "Illegal instruction", kugwa, kapena mayankho olakwika

Pulogalamu yasamuka makina. `-march=native` imatanthauza purosesa imene inakompaila, basi. Mukasamutsa diski kupita pa kompyuta yakale, kapena seva yobwereka ikasamutsidwira pa purosesa ina, pulogalamu imakumana ndi lamulo limene purosesayo silidziwa n'kufa pomwepo. `dmesg` imalemba `invalid opcode`.
- Makina akakhala angapo, sankhani gulu la purosesa yofooka kwambiri, monga `-march=x86-64-v2`.
- `gcc -march=native -Q --help=target | grep march` ikuuzani dzina limene `native` ikuimira pa makinawo.

distcc ndi `native`. Pogawira makina ena ntchito yokompaila, musagwiritse `native`. Lembani dzina lenileni la purosesa imene idzayendetse pulogalamuyo. Chida cha `resolve-march-native` chimakutulutsirani ma flag onse.

`-Ofast` kapena `-ffast-math`. Izi zimalola kompaila kunyalanyaza malamulo a IEEE 754 pa manambala a madesimali, mwachitsanzo kuganiza kuti NaN (chizindikiro cha yankho losakhala nambala) kulibe. Choopsa n'chakuti pulogalamu siigwa nthawi zonse. Imangopereka yankho lolakwika mwakachetechete. Zichotseni mu `make.conf` ndi kukompailanso chilichonse chimene zinakhudza, kuyambira malaibulale.

LTO pa paketi yosagwirizana nayo. Izimitseni pa paketi imeneyo yokha kudzera mu `package.env`. Musanapereke lipoti kwa okonza mapaketi, yesani ndi `-O2` yokha, chifukwa ndi chinthu choyamba chimene adzakufunseni.

## Chizindikiro 5: Kukompaila kukufera panjira

RAM yatha. Uthenga wake ndi `Killed signal terminated program cc1plus`, ndipo `dmesg` imaonetsa `Out of memory`. Malangizo a Gentoo ndi akuti ntchito iliyonse ya `-j` ipatsidwe pafupifupi 2 GB. Laputopu ya 8 GB, ngakhale ili ndi ma thread 8, isapitirire `-j4`, ndipo ngati mukuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo tsikirani pa `-j2` kapena `-j3`.
- Samalani ndi kuchulukitsana: `--jobs 3` ya emerge pamodzi ndi `MAKEOPTS="-j4"` zikhoza kuyendetsa makompaila 12 nthawi imodzi.
- Zimphona zake ndi Chromium, QtWebEngine, WebKitGTK, LLVM, Rust ndi LibreOffice. Pangani fayilo `/etc/portage/env/ochepa.conf` yokhala ndi `MAKEOPTS="-j2"`, kenako mu `/etc/portage/package.env` lembani `dev-qt/qtwebengine ochepa.conf`.
- Yatsani swap kapena zram.

Malo atha. `df -h /var/tmp/portage`. Ngati chikwatuchi munachiika mu tmpfs, imene imasunga mafayilo mu RAM, chikulimbirana RAM ndi kompaila yomwe. Mapaketi aakulu apatseni `PORTAGE_TMPDIR` ya pa diski.

Magetsi athima. `emerge --resume` imapitiriza mndandanda, koma paketi imene inali pakati imayambiranso pachiyambi. Ngati chikwatu chake chikadali pa diski, lamulo `ebuild` lotsatiridwa ndi njira ya fayilo ya ebuild ndi mawu oti `merge` nthawi zambiri limapitirira pamene linalekezera. `FEATURES="ccache"` imapulumutsanso maola pobwereza. Kumene magetsi savuta kuthima, glibc, GCC ndi Python muziziika pa laputopu ya batire lodzaza kapena pa makina a UPS, popeza kudukiza pakati pokopera mafayilo a zimenezi kukhoza kusiya dongosolo losayaka.

Kugwa pa malo osiyanasiyana. `internal compiler error: Segmentation fault` ikabwera pa fayilo imodzimodzi nthawi zonse, vuto ndi la pulogalamu kapena kompaila. Ikamabwera pa fayilo ina ulendo uliwonse, kaikirani makina: RAM yowonongeka, kutentha kapena overclock. Yendetsani Memtest86+ usiku wonse.

## Chizindikiro 6: Makina akuchedwa kuyaka

Nthawi yoyaka ilibe chochita kwenikweni ndi CFLAGS. `systemd-analyze` imagawa nthawiyo pakati pa firmware, loader, kernel, initrd ndi mapulogalamu, ndipo `systemd-analyze critical-chain` imaonetsa chimene chikudikiritsa zinzake. Kawirikawiri chimakhala `NetworkManager-wait-online.service`. Pa kernel yokonza nokha, dalaivala womangidwira m'kati amene akusowa firmware yake akhoza kuimitsa makina, nthawi zina mpaka masekondi 60. Funani `Direct firmware load` mu `dmesg`, ndipo dalaivalayo muikeni ngati module kapena muphatikize firmware ndi `CONFIG_EXTRA_FIRMWARE`. OpenRC, imene Gentoo ingagwiritse m'malo mwa systemd poyatsa makina, imayatsa zinthu chimodzichimodzi pokhapokha mutaika `rc_parallel="YES"` mu `/etc/rc.conf`, choncho kuiyerekeza ndi systemd ya Fedora si nkhani ya kukompaila.

## Chizindikiro 7: Mwapempha mapaketi okonzeratu koma emerge ikukompailabe

Kuyambira mu December 2023 Gentoo imapereka yokha mapaketi okonzeratu a amd64 ndi arm64, ndipo mu 2024 anaonjezera a x86-64-v3. Kwa anthu ambiri njira yabwino ndi imeneyi: zimphona muzitenge zokonzeratu, zochepa zofunika muzikompaile. Ikakana:
- USE yanu ikusiyana ndi ya paketiyo. `emerge -pvg` pa paketiyo imalemba mapaketi amene yawakana ndi ma flag osiyanawo. Bwezani USE ya paketi imeneyo monga ilili mu profile.
- Mukufuna mtundu wa `~amd64`, pomwe okonzeratuwo ndi a stable.
- Adiresi mu `binrepos.conf` ndi yolakwika, kapena makiyi otsimikizira sanakonzedwe. Yendetsani `getuto`.

Musatenge a v3 musanaone kuti purosesa yanu ili ndi AVX2, apo ayi mugwera pa Chizindikiro 4.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- `bash`, `gcc` kapena `emerge` yomwe ikufa ndi "Illegal instruction", kapena glibc yadukira pakati. Musazimitse makina ngati akadali oyaka, ndipo musakopere malaibulale a dongosolo lina pamwamba pa anu. Kukonza kwake kumafuna USB yoyambitsira ndi munthu amene anachitapo chroot.
- Memtest86+ yaonetsa cholakwika ngakhale chimodzi, kapena makina akuzima okha pokompaila. Pitani nawo kwa wokonza makompyuta akaone RAM, fani ndi phala loziziritsa purosesa. Batire likatupa, lekani kugwiritsa ntchito laputopuyo nthawi yomweyo.
- `dmesg` ikuonetsa `I/O error`, kapena `smartctl -a` ikuwerenga magawo owonongeka a diski. Koperani mafayilo anu kaye, kukompaila kudikire.
- Seva ya kuntchito, yosunga ndalama kapena zolemba za anthu. Database yokompailidwa ndi ma flag oyesera isayandikire deta yeniyeni. Komanso pulogalamu yoikidwa ndi `make install` siilandira zigamba za chitetezo kuchokera ku `apt` kapena `dnf`, choncho woyang'anira makinawo ayenera kudziwa kuti ilipo ndi amene aziisamala.

Popempha thandizo tumizani zotuluka za `emerge --info` kapena mzere wonse wa `./configure`, `lscpu`, fayilo yonse ya `build.log`, ndi zotsatira za `hyperfine` za mbali zonse ziwiri.